Mawu akuti freedom

Mawu a Chingerezi akuti freedom amatanthauza kukhala wosamangika, wotha kudzisankhira chochita. Ife timati ufulu, kuchokera ku mawu akuti mfulu, munthu amene si kapolo. Ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, m'dera la Niassa, tanthauzo limeneli ndi lolemera ndithu, pakuti m'zaka za m'ma 1800 amalonda a akapolo ankadutsa m'derali polowera kunyanja yamchere.

Komatu mawu athuwa asenza zambiri. Wophunzira wa ku Cuamba amasiyanitsa mawu a Chipwitikizi akuti liberdade, direito ndi independência ya pa 25 June 1975. Mnzake wa ku Chiponde, kungodutsa malire, amasiyanitsa freedom, right ndi independence. M'Chichewa tiziwonjezerapo mawu kuti zimveke bwino: ufulu wodzilamulira, ufulu wachibadwidwe, ufulu wolankhula.