MBIRI YA MAKINA OTUMIZA KALATA PA WAYA

Anthu ambiri amayesa kuti makina a fakisi anabadwa pambuyo pa lamya yolankhulira, koma si tero ai. Fakisi ndiye mkulu, lamya ndiye mng'ono wache. Fakisi ndi makina amene amatenga chifaniziro cha kalata, nachitumiza pa waya, kotero kuti munthu wa kutali alandira pepala lofanana ndi lija liri m'manja mwa wotumiza. Kalata yeniyeniyo sichoka pamalo pache.

Woyamba kulingalira zimenezi anali Alexander Bain, mmisiri wa mawotchi wa ku Scotland, amene analembetsa nzeru yache ku boma la Britain mu 1843. Iye anagwiritsa nchito kachitsulo kolendewera ka m'wotchi, kaja kamagwedera uku ndi uku. Kachitsulo kamodzi kanali kuyenda pamwamba pa zilembo kwa wotumiza, kanzache kanali kuyenda pa pepala la mankhwala kwa wolandira, ndipo magetsi akadutsa, pepalalo linali kuda pamalo pomwepo. Bvuto linali lakuti tizitsulo tiwirito tinayenera kuyenda pamodzi ndendende. Taganizani akazi awiri alikusinja mu mtondo umodzi: wina akafulumira pang'ono, misi iombana. Momwemonso makina awa, ena akatsogola, zilembo zonse zipotoka.

Giovanni Caselli, wansembe wa ku Italy, anakonza makina odalirika koposa, ndipo mu 1865 anayamba kugwira nchito pakati pa mizinda ya Paris ndi Lyon ku France. Lamya ya Alexander Graham Bell inadza mu 1876, patapita zaka 11. Pambuyo pache fakisi inakhala makamaka chida cha anyuzipepala, chotumizira zithunzi. Mu 1966 kampani ya Xerox inatulutsa makina oti munthu nkuika mu ofesi ndi kulumikiza ku lamya wamba, koma tsamba limodzi linali kutenga mphindi 6.

Tsono panabuka mlandu wina. Kampani iri yonse inali kupanga makina mwa njira yache, ndipo kawirikawiri makina a kampani imodzi sanali kumvana ndi a kampani ina. Kodi pali phindu lanji kugula chinthu cha mtengo wotere, ngati mnzanu amene mufuna kumlembera ali ndi cha mtundu wina? Mlanduwu unapita ku bungwe la maiko lochedwa CCITT, limene linali kukhala ku Geneva. Bungweli linaika malamulo oyamba mu 1968, ena mu 1976 amene anatsitsa nthawi kufika mphindi 3, ndi ena mu 1980, ochedwa Gulu 3, amene tsamba linayamba kupita nawo mosapitirira mphindi imodzi. Malamulo a 1980 ndiwo anafalitsa fakisi pa dziko lonse. Anthu a ku Japan anaikonda koposa onse, pakuti zilembo zao ziri zikwi zambiri ndipo zinali zobvuta kutumiza pa telegalafu, koma fakisi sifunsa kuti chilembo ndi cha mtundu wanji.

Chimene amisiri anapangana mu Gulu 3 nchofanana ndi mwambo wa mlendo wofika pakhomo. Makina oimba amapempha odi: alira theka la sekondi, nakhala chete masekondi 3, nalirabe. Makina oyankha alira ndi mau ao, kenaka afotokoza zimene akhoza, monga kukula kwa pepala ndi liwiro limene alandira nalo. Oimba aja asankhapo, ndipo asanatumize kalata ayamba ayesa waya potumiza zizindikiro zopanda kanthu kwa sekondi ndi theka. Zikafika bwino, olandira abvomera. Zikafika zoonongeka akana, ndipo oimba atsitsa liwiro nayesanso. Makina ambiri amayambira pa zizindikiro 14,400 pa sekondi, ndipo akhoza kutsika kufikira 2,400. Tsamba likatha, olandira anenanso kuti lafika. Kulira kodabwitsa kuja kumene munthu amamva akaimba nambala ya fakisi molakwa ndiko kupatsana moni kumeneku.

Mzere uli wonse wa tsamba umagawidwa m'timadontho 1,728. Makina satchula kadontho kali konse pakokha, koma amangonena kuti apa oyera ngochuluka mwakuti, akuda mwakuti. Chifukwa cha ichi tsamba la mau ochepa limapita msanga, ndipo lodzaza limachedwa. Poyesa makina, tsono, panafunika kuti onse ayesedwe ndi masamba amodzimodzi, kuti wogulitsa asanamize anthu ndi tsamba loyera. Bungwe lija linasankha masamba 8 oyesera. Loyamba linali kalata ya malonda ya m'Chingerezi, lina chojambula cha njira za magetsi, lina lodzaza ndi zilembo za ku Japan. Ichi chinali chinthu cha nzeru ndithu, ngakhale kuti ogula ambiri sanamvepo za masamba amenewa.

Mabvuto atsopano anadza pamene makampani a lamya anayamba kupititsa mau pa intaneti. Pa waya wakale, anthu awiri akamalankhula njira yonse imakhala yao kufikira atamaliza. Pa intaneti mau amadulidwa m'timitolo ting'onoting'ono, ndipo tina timachedwa, tina timataika. Khutu la munthu silisamala zimenezi, pakuti mau akaduka pang'ono munthu amadziwabe chimene mnzache wanena. Fakisi iribe chifundo chotere. Kamtolo kamodzi kakasowa, mizere ioonongeka, kapena makina aganiza kuti anzao achoka, nadula lamya tsamba liri pakati.

Mu 1998 bungwe lomwe lija, limene pa nthawiyi linali litasintha dzina kukhala ITU-T, linaika malamulo awiri. Lochedwa T.37 limatumiza tsamba monga kalata ya imelo. Lochedwa T.38 limaika omasulira awiri pa njira: woyamba amva kulira kwa fakisi, nakusandutsa timitolo, wachiwiri abwezanso kulirako kwa makina olandira, kotero kuti makina onse awiri ayesa kuti ali pa waya wakale. Kamtolo kali konse kakhoza kunyamulanso uthenga wa tinzache ta m'mbuyo, kuti kena kakataika pasaonongeke kanthu. Koma makampani sanamve lamulo ili mofanana, ndipo amisiri anayambanso nchito ija yoyesa makina a uyu ndi a uyo. Fakisi ikakana kupita pa intaneti, chimene amayamba kuchita ndi kutsitsa liwiro kufika 9,600.

Mu December 2018 nduna ya zaumoyo ku Britain, Matt Hancock, inaletsa zipatala za boma za ku England kugula makina atsopano a fakisi. Ku Japan, mu 2021, nduna Taro Kono inayesa kuwachotsa m'maofesi a boma, koma maofesi ambiri anadandaula kuti nchito zina, monga za makhoti ndi za apolisi, sizingayende popanda makinawo, ndipo analoledwa kuwasunga pa nchito zoterozo.