Jeke: Mbiri ya Mwini Filimu Amene Dzina Lake Linatchuka M'makomboni

Makolo athu ambiri a kuno ku Milange anachoka m'munsi mwa phiri la Tumbine pothawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi. Anawoloka pa Muloza, ena n'kukhazikika m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, ena n'kutsagana ndi anzawo a ku Nyasaland ulendo wa ku Salisbury, ku Joni ndi kumigodi ina. Kumeneko anakapeza bayisikopo, chinthu chimene kumudzi kunalibe. M'makomboni a migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, mwini filimu aliyense wovala chipewa chachikulu ndi kukwera hatchi ankatchedwa Jeke. Ofufuza mbiri ya kanema m'chigawo chino amati dzinali linachokera kwa munthu mmodzi, Jack Holt wa ku America.

Charles John Holt, amene ankadziwika kuti Jack, anabadwa pa 31 May 1888 ku Fordham mu mzinda wa New York. Bambo ake anali wansembe wa mpingo wa Episcopal, womwe ndi wa banja limodzi ndi Anglican. Anakulira ku Winchester m'chigawo cha Virginia, ndipo analowa sukulu ya usilikali ya Virginia Military Institute koma sanaimalize. Kukhala pa benchi sikunali kwake. Anapita ku Alaska, dziko lozizira koopsa, kumene anafunafuna golide, anagwira ntchito zamanja ndiponso ananyamula makalata. Atachoka uko anakaweta ng'ombe ku Oregon. Zaka zimenezi ndi zimene zinamuumba, chifukwa pofika m'mafilimu sanachite kuphunzitsidwa kukwera hatchi kapena kuponya chingwe. Zinali kale m'manja mwake.

Mu 1914 kampani ina inkajambula filimu yotchedwa Salomy Jane ku California, ndipo inkafuna munthu wolimba mtima woti agwe ndi hatchi kuchokera pamtunda mpaka kumtsinje. Holt anavomera ndipo anachitadi. Umo ndi momwe analowera m'ntchitoyi, osati ngati katswiri, koma ngati waganyu woika moyo pachiswe m'malo mwa ena. Kenako anapita ku kampani ya Universal kumene ankasewera m'mafilimu a zigawozigawo, aja otha pokoma kuti anthu abwerenso sabata yamawa. Poyamba ankamupatsa mbali za anthu oipa, chifukwa cha maso ake akuthwa ndi tindevu take ta pamlomo todulidwa bwino. Mu 1917 anasewera ndi Mary Pickford mu The Little American, filimu imene anaitsogolera Cecil B. DeMille, ndipo akuluakulu anaona kuti nkhope yomweyo ikhoza kukhala ya ngwazi.

Zaka za m'ma 1920 ndiyo nthawi imene dzina lake linakula. Kampani ya Paramount inkasandutsa mabuku a Zane Grey kukhala mafilimu a makawuboyi, ndipo Holt ndiye ankakhala mwini filimu m'mafilimu ambiri amenewa. Wanderer of the Wasteland ya 1924 inali imodzi mwa mafilimu oyambirira kujambulidwa onse athunthu ndi mitundu ya Technicolor. Chaka chotsatira kunabwera The Thundering Herd, Wild Horse Mesa ndi The Light of Western Stars. Mafilimuwa analibe mawu. Munthu ankadziwika ndi kaimidwe, kayang'anidwe ndi nkhonya. Holt anali wamtali, wa chibwano cholimba, wokhala pa hatchi mowongoka. Akalowa m'nyumba yomwera mowa momwe muli zigawenga, woonera sankafunika kuuzidwa kuti zinthu zisintha.

Mafilimu olankhula atabwera, akatswiri ambiri anagwa chifukwa mawu awo sanagwirizane ndi nkhope zawo. Holt mawu ake anali akuya, ndiye anapulumuka. Anapita ku Columbia, imene nthawiyo inali kampani yaing'ono ya Harry Cohn, ndipo iyeyu anakhala mmodzi mwa anthu amene ankaibweretsera ndalama chaka ndi chaka. Kumeneko anapanga mafilimu atatu ndi Frank Capra, akusewera limodzi ndi Ralph Graves: Submarine mu 1928, Flight mu 1929 ndi Dirigible mu 1931. Mu 1935 anaoneka ndi Shirley Temple mu The Littlest Rebel, ndipo mu 1936 anali ndi Clark Gable mu San Francisco. Ntchito yake yomaliza ku Columbia inali Holt of the Secret Service ya 1941, ya zigawo 15, imene mutu wake unanyamula dzina lake lenileni.

Pamene izi zinkachitika ku Hollywood, kuno ku Africa njira ina inkatseguka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, M'busa Ray Phillips, mmishonale wa ku America wokhala ku Johannesburg, anayamba kuonetsa kanema m'makomboni a migodi ya golide mothandizidwa ndi eni migodi. Cholinga chawo chinali chakuti antchito akaweruka asamaganize za mowa, ndewu kapena kunyanyala ntchito. Mafilimu akale otsika mtengo ankazungulira komboni ndi komboni, ndipo m'kupita kwa nthawi anafika ku Rhodesia ndi kumigodi ya kopa. Ambiri mwa iwo anali a makawuboyi. Asanaonetsedwe kwa anthu akuda, boma linkadulamo mbali zimene silinkafuna kuti aone, makamaka za chikondi ndi zilizonse zochotsa ulemu wa mzungu. Mapeto ake nkhani inkadukaduka, ndipo Chingerezi cha ku America ambiri sankachimva. Chimene chinkatsala chathunthu chinali liwiro la hatchi, kulira kwa mfuti ndi nkhonya za mwini filimu.

Mayi Hortense Powdermaker, ofufuza za chikhalidwe cha anthu, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo analemba zimene anaona m'buku la Copper Town lomwe linatuluka mu 1962. Kanema ankaonetsedwa panja usiku, anthu khamu. Palibe amene ankakhala chete. Ndewu ikayamba pa chinsalu, amuna ankaimirira n'kumaponya nkhonya m'malere, amayi akukuwa, aliyense akufotokozera mnzake zimene zikuchitika m'chinenero chakwawo. Kukacha, ana ankathamanga m'misewu ya komboni atavala zipewa za mapepala, atanyamula mfuti zosema pa mtengo, akufuula dzina la Jeke. Pofika nthawiyi nkhope za pa chinsalu zinali za anthu ena, koma dzina linatsalira la munthu amene makolo awo anayamba kumuona.

Akuluakulu a boma la atsamunda ena ankati anthu akuda sakumvetsa kanema, ena ankaopa kuti mafilimuwa aphunzitsa achinyamata umbanda. Mu 1948 anakhazikitsa Central African Film Unit ku Salisbury kuti izipanga mafilimu ophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kumvera malamulo ku Nyasaland ndi ku Rhodesia zonse ziwiri. Anthu ankaonera ndithu, koma mtima wawo unali pa Jeke. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Munthu amene wakhala tsiku lonse pansi pa nthaka akutukwanidwa ndi kapitawo, wosatha kuyenda popanda chitupa, usiku ankaona mwamuna wopita kumene akufuna, wosagwadira aliyense, wobwezera akamenyedwa. Eni migodi anabweretsa kanema kuti anthu azizire mitima, koma oonera anatolamo chawochawo.

Holt mwiniwake ukalamba unamupeza akadali pa ntchito. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa usilikali ali ndi zaka 54, n'kumagulira gulu lankhondo mahatchi. Atabwerako ankapatsidwa mbali zing'onozing'ono, monga mu They Were Expendable ya John Ford mu 1945. Ana ake awiri, Tim ndi Jennifer, anatsata mapazi ake m'mafilimu a makawuboyi. Mu 1948 Tim anasewera ndi Humphrey Bogart mu The Treasure of the Sierra Madre, ndipo bambo ake anaonekamo pang'ono chabe ngati nkhalamba yosauka m'nyumba yogona amphawi. Filimu yake yomaliza inali Across the Wide Missouri, momwe analinso ndi Clark Gable. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 18 January 1951 ku Los Angeles, ali ndi zaka 62.

Mabuku a ku America amamukumbukira ngati katswiri wodalirika amene anagwira ntchito zaka zoposa 35. Mbali ya kuno siitchulidwa kawirikawiri, chonsecho ndi mbiri yathu, ya anthu amene anapita kutali kukasaka ndalama ya msonkho ndi ya bulangete. Inu amene muli ndi agogo amene anagwirako ku Joni, ku Wankie kapena kumigodi ya kopa, khalani nawo pansi muwafunse za bayisikopo ya m'komboni, ndipo zimene akuuzeni muzilembe iwo akadali moyo.