Njira zoponyera ndi kuwerengera mavoti m'maiko osiyanasiyana

Wovota wa ku Bandawe, kufupi ndi Chintheche m'boma la Nkhata Bay, amalandira pepala lovotera, n'kuchonga mwachinsinsi amene akumufuna, kenaka n'kuliponya m'bokosi. Kuvota kukatha, mavoti amawerengedwa pamalo pomwepo pamaso pa oimira zipani, omwe amasayina chikalata cha zotsatira ndi kulandira kope lake. Zotsatirazo zimadutsa m'malo ophatikizira mavoti mpaka zikafike kubungwe loyendetsa zisankho la Malawi Electoral Commission.

Maiko ena ali ndi njira zawo. Ku Gambia, kuyambira m'chaka cha 1965, wovota amaponya kampira kagalasi mumgolo wa wopikisana amene wamusankha, ndipo belu limalira kusonyeza kuti voti yalowa. Dziko la Brazil lidayamba kuvota ndi makina mu 1996, pomwe la India lidawagwiritsa ntchito m'dziko lonse pachisankho cha 2004.

Mu Africa muno, dziko la Namibia ndilo lidayamba kuvota ndi makina pachisankho cha dziko lonse mu 2014. Koma mu 2020 bwalo lalikulu la m'dzikolo lidagamula kuti kudali kulakwa kugwiritsa ntchito makinawo popanda pepala lotsimikizira voti iliyonse, ndipo chisankho cha 2024 chidachitika ndi mapepala.

Kuno kumudzi, pa 3 February 2020 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko lidathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha mu 2019. Mwa zifukwa zina, zikalata zambiri za zotsatira zidafufutidwa ndi Tippex. Bwalolo lidalamulanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka la onse ovomerezeka, monga zilili ku Zambia kuyambira mu 2016. Chisankho chobwereza chidachitika pa 23 June 2020, ndipo lamuloli lidagwiranso ntchito pa 16 September 2025. Aphungu a Nyumba ya Malamulo amapambanabe ndi mavoti ochuluka chabe, pomwe ku South Africa zipani zimagawana mipando molingana ndi mavoti omwe chilichonse chapeza.

Milandu ya ku Namibia ndi ku Malawi ikusonyeza kuti chisankho chimadalirika ngati pali umboni wolembedwa umene bwalo lingauunikenso. N'chifukwa chake ogwira ntchito zaboma amene amabwerekedwa kukayendetsa chisankho, makamaka aphunzitsi, ayenera kulemba chikalata cha zotsatira mosamala. Manambala olembedwa ku Bandawe ndi omwewo amene ayenera kukafika kulikulu.