Mlendo wa kalumo kakuthwa: momwe UDF idapezera wolowa m'malo mwa a Muluzi

Akuluakulu akale adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umalangiza eni mudzi kuti asanyoze munthu wobwera, pakuti nzeru imene yasowa pabwalo ikhoza kupezeka m'thumba mwa wapaulendo. Komabe kalumo sikadziwa mwini: kamene kameta bwino n'komwenso kamacheka chala cha wokabwereka. Zimene zidachitika m'chipani cha United Democratic Front, chodziwika kuti UDF, pakati pa 2002 ndi 2005 zikuonetsa mbali zonse ziwiri za mwambiwu, ndipo adzukulu obadwa pambuyo pa zaka zimenezo ayenera kuzimva mwatsatanetsatane.

UDF idaonekera poyera mu 1992 ngati gulu lomenyera ndale za zipani zambiri. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi adakana ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi adagonjetsa Dr Hastings Kamuzu Banda. Olemba malamulo atsopano oyendetsera dziko ankakumbukira kuti mu 1971 a Banda adalengezedwa kukhala pulezidenti wamuyaya. N'chifukwa chake gawo 83 lidati munthu asalamule koposa materemu awiri otsatizana, a zaka zisanu iliyonse. A Muluzi atapambananso mu 1999, aliyense adadziwa kuti 2004 ndiye chaka chotula pansi udindo. Funso lidali lakuti mpando adzausiyira yani.

Anthu oyenera sadali osowa. Padali a Aleke Banda a ku Nkhata Bay, amene adali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party pamene inkayamba mu 1959, adakhala m'ndende popanda kuzengedwa mlandu kuyambira 1980 mpaka 1992, kenaka m'boma la UDF adayendetsapo maunduna a zachuma, zaulimi ndi zaumoyo. Padali a Justin Malewezi a ku Ntchisi, amene adakhalapo mlembi wamkulu mu ofesi ya pulezidenti ndi nduna m'nthawi ya a Banda, ndipo adali wachiwiri kwa a Muluzi kuyambira 1994. Padalinso a Brown Mpinganjira a ku Mulanje, mmodzi mwa oyambitsa chipani, munthu wodziwa kukopa khamu pamsonkhano. Aliyense mwa atatuwa adali ndi anthu ake, ndipo chisankho chachilungamo cha m'chipani chikadaonetsa amene adali ndi mphamvu zenizeni.

Mpikisano umenewo sudaloledwe n'kuyamba komwe. Akuluakulu ena a chipani adayamba kulalikira m'misonkhano kuti a Muluzi aimenso, motero aliyense woonetsa khumbo la mpando ankaoneka ngati woukira. Woyamba kugwa adali a Mpinganjira: adachotsedwa pa unduna mu 2000, ndipo mu 2001 adayambitsa gulu la National Democratic Alliance, limene lidatsutsa poyera teremu yachitatu. Otsala m'chipani adaphunzirapo kutseka pakamwa.

Nkhani idafika ku Nyumba ya Malamulo pa 4 Julayi 2002. Bilu yochotseratu malire a materemu idabwera kudzera mwa a Khwauli Msiska, phungu wa chipani cha AFORD, osati wa UDF, ndipo a John Tembo ndi aphungu ena a MCP adaivomereza. Kusintha malamulo oyendetsera dziko kumafuna magawo awiri mwa atatu a nyumba yonse, amene panthawiyo adali mavoti 128. Ovomereza adali 125, okana 59. Mavoti atatu okha ndiwo adapereŵera. Kunja kwa nyumbayo mipingo, mabungwe oima paokha, maloya ndi ophunzira a m'makoleji adali atadzuka kale, ena atavala tinsalu tofiirira pachifuwa monga chizindikiro chokana. Mu Januwale 2003 boma lidayesanso ndi bilu ina yolola materemu atatu, koma poona kuti chiwerengero sichikwana, lidaitumiza ku komiti ya zamalamulo, komwe idakafera.

Apa m'pamene padagona vuto. Zaka zimene chipani chikadakhala chikupima atsogoleri ake zidathera pa kumenyera munthu mmodzi. Chisankho chidatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi yochepa, ndipo mkati mwa chipani anthu adali atayamba kukayikirana, pakuti aliyense ankadziwa amene adachirikiza teremu yachitatu ndi mtima wonse ndi amene adangoomba m'manja mwamwambo.

Kumapeto kwa Malichi 2003 a Muluzi adauza mtundu kuti sadzaimanso, ndi kuti nduna pamodzi ndi komiti yaikulu ya chipani zagwirizana pa dzina la Dr Bingu wa Mutharika, amene adzaime ndi Dr Cassim Chilumpha wa ku Nkhotakota. Ambiri adadzidzimuka. A Mutharika, obadwira ku Thyolo mu 1934, adakhala zaka zambiri kunja akugwira ntchito za chuma m'mabungwe a maiko, ndipo kuyambira 1991 mpaka 1997 adatsogolera bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, limene lidadzatchedwa COMESA. Mu 1999 adapikisana ndi a Muluzi omwewo pansi pa chipani chawo cha United Party, ndipo sadapeze ngakhale voti imodzi mwa mavoti 100 alionse. Pambuyo pake adathetsa chipanicho, napatsidwa udindo wa wachiwiri kwa gavanala wa Reserve Bank, kenaka unduna wa mapulani a chuma ndi chitukuko. Kwa mamembala amene adathamangitsidwa ndi apayoniya mu 1992 ndi 1993, uyu adali mlendo.

Zifukwa za chisankho chimenechi zimafotokozedwa m'njira zingapo. Mphamvu ya UDF idali m'chigawo cha kumwera, komwe kuli ovota ambiri, pamene a Aleke adali a kumpoto ndipo a Malewezi a pakati. Munthu wa ku Thyolo akadathandizanso kuphwanya mphamvu ya a Mpinganjira pakati pa Alomwe. Maiko othandiza Malawi adali ataimitsa thandizo lina chifukwa cha kusayenda bwino kwa chuma cha boma, choncho katswiri wa zachuma adali nkhope yabwino yowaonetsa. Koma chifukwa chimene ambiri amachikhulupirira n'chakuti a Mutharika adalibe mizu m'chipani. Adalibe magavanala awo, adalibe nthambi zowakonda, adalibe khamu lawolawo. Munthu wotere, m'maganizo a omusankha, sakadatha kuyenda popanda kugwira dzanja la amene adamukweza.

Ngakhale kumudzi ufumu sulowedwa motero. Pakati pa Achewa mfumu ikhoza kukhala ndi mphwake amene imamukonda, koma mawu omaliza amachokera kwa akuluakulu a banja, makamaka amayi a mbumba, amene amakhala pansi n'kupima khalidwe la ana a alongo ake a mfumuyo. Kukambiranako kumachedwetsa zinthu, koma ndiko kumachititsa kuti amene sadasankhidwe avomereze, popeza adamvedwa. M'chipani cha UDF dzina lidayamba kulengezedwa, kufunsa anthu kudadza pambuyo. Msonkhano waukulu wa chipani udachitika mu Ogasiti 2003, patapita miyezi yoposa inayi chilengezereni dzinalo, ndipo nthumwi zidangotsimikiza zimene zidali zitaphikidwa kale. Msonkhano womwewo udasintha malamulo a chipani n'kuika a Muluzi pa udindo wa wapampando wa chipani chonse. Mmodzi adzagwira boma, wina adzagwira chipani: ndiwo adali makonzedwe.

Amene adadumphidwa sadadikire. A Aleke Banda adasiyidwa pa nduna zatsopano za mu Epulo 2003, adatuluka m'chipani, nakatsogolera People's Progressive Movement. A Malewezi adatuluka pa 1 Januwale 2004 ndipo adadzaima paokha. Matenda omwewo adatsikira m'madera. Pa zisankho za chipulula zopezera oimira chipani pa mipando ya uphungu, m'malo ambiri anthu adadandaula kuti akuluakulu awaikira munthu amene iwo sadamufune. Ogwetsedwa mwa njira imeneyi ambiri adaima paokha.

Chimene chidapulumutsa UDF n'chakuti nyumba ya otsutsa nayo inkayaka moto. Mu MCP a Gwanda Chakuamba ndi a John Tembo adakhala akulimbirana utsogoleri kwa zaka, mpaka mu 2000 mbali ziwirizi zidachititsa misonkhano ikuluikulu iwiri yosiyana. A Tembo atapambana pa msonkhano wa mu 2003, a Chakuamba adachoka n'kuyambitsa Republican Party, natsogolera mgwirizano wa zipani zisanu ndi ziwiri wotchedwa Mgwirizano Coalition, a Aleke Banda ali wachiwiri wawo. Pa kampeni a Muluzi ndiwo ankayankhula nthawi yaitali, nthabwala zili m'kamwa, ndipo mwini mpikisano ankapatsidwa mphindi zochepa chabe.

Pa 20 Meyi 2004 a Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 36 mwa 100 alionse. A Tembo ndi a Chakuamba aliyense adapeza oposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi, a Mpinganjira ndi a Malewezi n'kugawana otsalawo. Ku Nyumba ya Malamulo bala lidaonekera bwino: UDF, imene idali ndi aphungu 93 mu 1999, idatsika kufika pa 49, MCP idaiposa, ndipo aphungu oima paokha adayandikira 40.

Atambala awiri salira m'khola limodzi. Atangolumbira, a Mutharika adalengeza nkhondo yolimbana ndi katangale, ndipo ena mwa oyamba kufunsidwa adali akuluakulu a chipani chimene chidawaika pampando. Wapampando adali ndi chipani, koma pulezidenti adali ndi boma, apolisi ndi mphamvu yosankha nduna. Pa 5 Febuluwale 2005 a Mutharika adatuluka mu UDF, nayambitsa Democratic Progressive Party, ndipo nduna ndi aphungu ambiri adawatsatira. Kusowa mizu kumene kudawachititsa kuoneka osavuta kuwaweta ndiko kudawapeputsira ulendo: adalibe chowamanga. UDF idakhala chipani chopambana chisankho koma chokhala ku mbali yotsutsa. Zaka zotsatira zidadzaza ndi mikangano ya gawo 65 lokhudza aphungu osintha chipani, kuyesa kuchotsa pulezidenti, kuchedwetsa bajeti, ndi kumangidwa kwa a Chilumpha mu 2006 powaganizira mlandu woukira boma. Mu 2009 a Muluzi adaletsedwa kuimanso, a Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo UDF idatsala ndi aphungu 17.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ali m'teremu yawo yachiwiri, a Mutharika nawonso adayamba kukonzera njira mng'ono wawo, a Peter Mutharika, chipani chisadakhale pansi. Wachiwiri wawo, mayi Joyce Banda, adachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010, nayambitsa People's Party. A Bingu atamwalira pa 5 Epulo 2012, malamulo adapereka mpando kwa mayi yemweyo amene chipani chidamutaya.

UDF sidabwererenso pa mpando wa pulezidenti. Sidagonje kwa adani ake pa tsiku loponya voti mu 2004. Idadzivulaza yokha chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pamene funso la anthu zikwizikwi lidayankhidwa ndi anthu ochepa. Mlendo adabweradi ndi kalumo kakuthwa. Cholakwa sichidali kumulandira, koma kuganiza kuti chogwirira cha kalumoko chidzakhalabe m'manja mwa amene adamuitana.