Yusuf Idris ndi Mkangano wa Chiyankhulo cha Alimi

M'chaka cha 1954, mu mzinda wa Cairo munatuluka buku la nkhani zazifupi lotchedwa Arkhas Layali, kutanthauza usiku wotsika mtengo koposa. Mlembi wake, Yusuf Idris, anali dokotala wachinyamata wobadwa mu 1927 m'mudzi wina wa m'chigawo cha Sharqia. Ntchito yake ankagwira pa chipatala cha Kasr al-Aini, kumene ankamva anthu osauka akufotokoza ululu wawo m'chiyankhulo cha kwawo.

Nkhani imene bukuli linatengerako dzina ndi ya mlimi Abd al-Karim. Swala ya Isha itatha, iye ayendayenda m'mudzi wodzaza ana, m'thumba mulibe ngakhale ndalama ya tiyi. Posowa kolowera, abwerera kwa mkazi wake, ndipo patapita miyezi pakhomo pawonjezeka mwana wina. Idris sanamunyoze mlimiyo, sanamukometsenso.

Owerenga anagawanika. Achinyamata anakondwa poona anthu a m'midzi yawo akuyankhula m'buku monga momwe amayankhulira kumunda. Koma ophunzira ambiri anadandaula, pakuti anthu a m'nkhanizo ankayankhula Chiarabu cha mumsewu chotchedwa ammiya, osati fus-ha, Chiarabu cha Qur'an ndi mabuku. Ife amene tinavutika zaka poloweza nahw ndi sarf sitingapeputse dandaulo limeneli. Nkhawa yawo inali yakuti dziko lililonse likayamba kulemba m'chiyankhulo cha pamsika pake, wa ku Morocco sadzamvananso ndi wa ku Iraq.

Buku lachiwiri, Jumhuriyat Farhat, linatuluka mu 1956 ndi mawu oyamba a Taha Husayn, mkulu wa alembi a ku Egypt pa nthawiyo. Iye anayamikira luso la mnyamatayo, komabe anamupempha kuti aipatse fus-ha malo okwanira pakamwa pa anthu a m'nkhani zake. Idris sanasinthe. Pofotokoza nkhani ankagwiritsa ntchito kwambiri Chiarabu cha m'mabuku, koma mlimi akatsegula pakamwa, ankatulutsa mawu a mlimi.

Pofika zaka za m'ma 1960 anali atasiya udokotala nadzipereka pa kulemba, ndipo pambuyo pake analembera nyuzipepala ya al-Ahram. Mu 1971 anatulutsa Bayt min Lahm, buku lokhudza zinsinsi za m'banja zimene ambiri sazitchula poyera. Pamene mphoto ya Nobel inapita kwa Naguib Mahfouz mu 1988, Idris sanabise kuwawidwa mtima, poti ankaona kuti woyenera ndi iye. Anamwalira ku London mu 1991.

Kodi anakhoza ndani pa mkanganowu? Zimene ankaopa ophunzira sizinachitike: fus-ha ikadali chiyankhulo cha mabuku, nyuzipepala ndi khutba m'maiko a Aarabu. Nazo nkhani za Idris zikuwerengedwabe, ndipo lero amatchulidwa pakati pa akatswiri a nkhani zazifupi m'Chiarabu. Ine ndikuona kuti anazindikira chinthu chimene dokotala aliyense amachidziwa: wodwala ukamuumiriza kuyankhula ngati buku, sungamve pamene pakumupweteka. Abd al-Karim akadapatsidwa mawu a sheikh wa ku al-Azhar, owerenga akadasirira chiyankhulocho, koma za njala yake sakadazimva.