Mwali wa ku Mankhamba

Tikamaŵerenga mbiri ya dziko lathu timakumana ndi mafumu okhaokha: Kalonga, Undi, Lundu. Nanga akazi ao ali kuti?

Kufupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, kuli Mankhamba, kumene kunali likulu la Kalonga. Mphunzitsi Samuel Nthara, mlembi wa buku la Mbiri ya Acheŵa, anasonkhanitsa zimene nkhalamba zinali kukumbukira za ufumuwo. Patapita zaka zambiri Yusuf Juwayeyi anakumba pa Mankhamba, napeza mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi mapale a mbale za ku China. Buku lake linatuluka m'chaka cha 2020.

Mbiri imene anthu otere anatisungira itiphunzitsa kuti Kalonga sanali kulamula yekha. Iye anali wa mfunda wa Phiri, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, anali kuchokera kwa a Banda, eni nsembe za mvula. Ukwati umenewu ndiwo unamanga mafuko aŵiriwo pamodzi. Woloŵa ufumu naye anali kuchokera ku bere la Nyangu, mai wa ufumuwo.

Komatu Mwali ndi Nyangu ndi maina a udindo. Mafumu ena tiwadziŵa ndi maina aoao, monga Mazizi ndi Sosola, pamene amaiwo anabisika m'dzina limodzi.

Ifenso tichenjere. Misioni ya Mua inayamba m'chaka cha 1902, ndipo ansembe oyamba analembedwa m'mabuku. Koma akazi a akatekisiti, amene anali kulima, kulera ana ndi kuphikira alendo amuna ao ali pa ulendo wophunzitsa, adzawatchula ndani? Tifunse agogo athu akali moyo, ndipo maina amene adzatiuza tiwalembe.