Azamba a m'tsinde mwa phiri la Nkhoma

Adzukulu anga, mukakhota pa Kamphata kulowera ku Nkhoma n'kukumana ndi atsikana ovala zoyera, mabuku ali kukhwapa, musayese kuti sukulu ya unamwino ndi uzamba ija idagwa kumwamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Amishoni a mpingo wa Dutch, omwe adayambira ku Mvera mu 1889, adafika pa Nkhoma mu 1896, masiku amene anthu a mfumu Mazengera ankabisala m'phiri kuopa nkhondo ya Angoni. Chipatala chidadza mu 1915, komatu amayi sadathamangireko. Wapakati matenda akamuyamba ankalowa m'nyumba ndi azamba ndi anamkungwi, amuna atawapirikitsira kubwalo. Mwana akachedwa ankamumwetsa mwanamphepo, zikakanikabe ankamukakamiza kuulula amuna amene adayenda nawo, poti ankati mwana wakanira chigololo, mayi wosalakwa n'kumatchula maina ali m'kati mwa ululu. Mchombo ankadula ndi bango lakuthwa, ndipo kafumbata adatilanda makanda ambiri asadatuluke n'komwe m'chikuta. Zikafika pothina m'pamene ankamanga machila, anyamata kumalandizana mapewa usiku, muuni wa udzu uli m'manja, afisi akulira kuseri kwa zitsamba, mwina dzinja lili pakati, mtsinje wa Linthipe utadzaza. Ena ankathera panjira. Azamba aja sindiwanyoza, adatilandira ndi manja awo, koma magazi akayamba kutayika ankasowa pogwira.

Madokotala a mishoni ataona kuti mutu umodzi susenza denga, adayamba kuphunzitsa atsikana a m'midzi yathu yomweyi, owerengeka chabe, kusamba m'manja, kuwiritsa sizasi, kumvetsera mtima wa mwana ali m'mimba. Ntchito yaikulu idali kugonjetsa agogo. Ankati kamtsikana kosabereka kangachiritse bwanji mkazi mnzake, ndi kuona zimene mwambo sukalola? Mitima idafewera kuchidikiro, kumene amayi a kutali ankakhala ndi owadikirira, ataika mafuwa pabwalo, nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera zikutuluka nthunzi, uyu akubwereka mchere kwa uyo. Wobwerako ndi khanda lamoyo, nthungululu zikamulandira kumudzi, chaka chinacho ankaperekeza yekha mng'ono wake.

Mu 1966 boma lidakhazikitsa bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, zipatala za mipingo nazo zidagwirana manja m'bungwe limene lero mumati CHAM, maphunziro n'kuyamba kuyenda ndi mayeso ndi ziphaso. Lero polowa sukulu ija pamafunika MSCE, maphunziro ake ndi a zaka, ndipo anyamata nawo akuphunzira uzamba, zimene amayi anga akadamva akadagwira pakamwa. Omaliza pa Nkhoma mudzawapeza m'zipatala zing'onozing'ono kuyambira kuchigwa cha Shire mpaka ku Chitipa.

Tsono inu apongozi ndi amuna a masiku ano, mwezi ukakwana musadikire kuti matenda ayambire kumudzi. Sinjani ufa, mangani nkhuni, mumuperekeze mayiyo kuchidikiro kudakali kowala.